Umboni Wovala Diresi

Shopu yathu ili kuseri kwa nyumba yowotcherera zitsulo. Kuti muipeze muyenera kudutsa pakati pa mageti osapenta, kulumpha ngalande, kukwera masitepe opanda chogwirira, kenako kugogoda pachitseko chachiwiri, chifukwa choyambacho n'chosungiramo matayala. Munthu sangaipeze mwangozi. Ine ndi mng'ono wanga tinaikonda chifukwa ili ndi zenera lalikulu, ndipo telala amafuna kuwala kuposa china chilichonse. Makasitomala ankatipeza pa intaneti.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kotere. Ine ndimadula ndi kusoka. Diresi likatha, mng'ono wanga, amene kunyumba timamutcha Naphuma poti anabadwa mzamba asanamalize kusamba m'manja, ankalisita n'kuveka Adona. Adona ndi chidole cha matelala: mapewa, chifuwa, chiuno ndi mwendo umodzi wachitsulo. Mutu alibe. Anabwera choncho kuchokera kufakitale, ndipo ife sitinaonepo vuto, poti diresi silivalidwa kumutu. Naphuma ankawaimika pazenera, kuwajambula ndi foni, n'kuika chithunzicho patsamba lathu. Pofika madzulo wina ankakhala atalemba kale kuti akufuna lotere, koma manja akhale aatali.

Chaka chatha kunayenda chithunzi cha munthu wina wamkulu m'boma ali mtulo pamsonkhano, kukamwa kuli yasa. Ine sindinachione. Naphuma anafuna kundionetsa koma ndinakana, poti aliyense amagona. Pasanapite nthawi, boma linakhazikitsa Nthambi Yoteteza Maso a Anthu, n'kugula makina kunja oti aziyang'ana chithunzi chilichonse chisanafike kwa anthu. Ife tinati sizikutikhudza. Timasoka zovala. Ngati pali anthu oteteza maso a anzawo, ndife.

M'mawa wina Naphuma anatulutsa foni n'kukhala chete. Naphuma sakhala chete, ndiye ndinaimitsa makina osokera.

"Achemwali, atitsekera."

"Atitsekera chiyani?"

"Tsamba. Tamverani. Tsamba ili lapumitsidwa pofuna kusamalira mtendere wa maso anu. Chifukwa chake: chithunzi cha munthu wodulidwa mutu."

Tonse tinatembenukira kwa Adona. Anali chilili pazenera, atavala diresi labuluu la lesi m'khosi limene tinajambula dzulo lake. Linali la mayi wina amene ankakwatitsa mwana, ndipo anabwera kudzalitenga masana omwewo. Ameneyo ndiye anali kasitomala wotsiriza kukwera masitepe athu.

Masiku anayamba kutalika. Ndinkathira makina mafuta m'mawa uliwonse ngakhale sanagwire ntchito. Wowotcherera zitsulo wapansi uja anazindikira kuti kumwamba kwasiya kulira makina. Tsiku lina anakwera ndi buluku lake lakale kuti timusinthire zipi. Zipiyo inali yabwinobwino. Ndinaisinthabe, iye n'kulipira.

Kenako Naphuma anabwera ndi nkhani. Mnzake wina amene amagwira ntchito za m'nyumba kunja kwa dziko anamuuza kuti kumeneko malo a ntchito alipo.

"Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, ndikupita," anatero akupinda nsalu yopindapinda kale.

"Nanga mwana?"

"Akhala ndi inu. Si ndinu amayi ake aakulu?"

Mwanayo anali atangoyamba kumene sukulu, ndipo sagona asanagwire khutu la mayi ake. Ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha: atsegule tsamba, mng'ono wanga asapite. Sindinkadziwa ngati za matsamba a pa intaneti zimafika kumeneko, koma ndinati amene amadziwa tsitsi lonse la m'mutu mwanga sangasokonezeke ndi zimenezi.

Tinapita kukadandaula ku Nthambi ija. Ili m'nyumba imene kale inali positi ofesi. Pawindo tinapeza mlembi, bambo woonda wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Sankayang'ana munthu kumaso. Ankayang'ana manja.

"Lamulo likuti mubweretse chinthu chimene chili pachithunzi," anatero, "abwana achione ndi maso awo, ayerekeze."

"Ayerekeze chiyani?" Naphuma anafunsa. "Chidole ndi chidole!"

"Makina akuti ndi munthu."

"Ndiye makinawo ndi openga."

"Makinawo anagulidwa kunja, mayi," anayankha motsitsa mawu ngati akutiuza za maliro. "Timatsegula m'mawa."

Mawa lake tinaveka Adona diresi lina limene linali pafupi n'kukwera nawo basi. Ine ndinagwira mwendo, Naphuma mapewa. Kondakitala anatiyang'ana, n'kuyang'ananso Adona.

"Awa akupita kuti?"

"Ku boma."

"Eya, akawalandira bwino. Akapeza abale awo ambiri kumeneko."

Basi yonse inafa ndi phwete. Kenako inakhala zii mwadzidzidzi, aliyense akuyang'ana amene wagwira foni m'manja.

Kuseri kwa ofesiyo kuli khonde lalitali la mizati, loyambira pageti mpaka pachitseko cha abwana. Titakhota pakona tinaima. Khonde lonse linali lodzaza ndi katundu. Panali mipando, nsapato, miphika ya maluwa, njinga, mbaula, mawigi atakolekedwa pandodo, ndipo pambali pa chinthu chilichonse panali mwini wake, nkhope ili khuma. Kumapeto kwa mzere kunali bedi lalikulu la matabwa onyezimira. Pabedipo panakhala bambo wa ndevu zaimvi, pensulo ili kukhutu.

"Takulandirani, azimayi," anatero. "Ine ndine kalipentala. Mlandu wanu?"

"Kudula mutu," Naphuma anayankha.

"Aa, inu ndiye akuluakulu. Ine wanga ndi wachiwerewere." Anasisita bedi lija. "Makina akuti bedi limapatsa anthu maganizo."

"Maganizo anji?"

"Ndinafunsa, chemwali. Akuti akandiuza ndiye kuti nawonso aphwanya lamulo."

Iyeyo ndiye anatidziwitsa anzathu. Mayi wonenepa wa kutsogolo kwake ankaphika makeke a ukwati. Anajambula keke mpeni uli pambali, makina n'kuti zida zoopsa. Bambo wina anali ndi katoni ya anapiye: msonkhano wosaloledwa. Chapatali pang'ono panaima bambo wa tayi, chikwama cha laputopu chili paphewa, alibe katundu aliyense. Onse ankamutcha Injiniya. Anasiya ntchito yabwino kubanki n'kupanga pulogalamu ya pafoni. Ukalemba kuti nsapato za mwana, inkakuuza amene akugulitsa pafupi nawe. Makina anati pulogalamuyo imathandiza anthu kupezana. Naye anauzidwa kuti abweretse chinthucho, koma analibe choti anyamule, ndiye ankangobwera yekha.

Mzere sunkayenda. Abwana ankaona anthu ochepa kwambiri patsiku, chifukwa nthawi zambiri ankakhala kumisonkhano yokambirana njira zochepetsera mzere. Madzulo tinkanyamula Adona kubwerera, m'mawa n'kubwera nawonso. Kalipentala ankasiya bedi lake pomwepo, mlonda wa pageti n'kumagonapo, ndipo m'mawa tinkalipeza litayalidwa bwino kuposa mmene analisiyira.

Pamalo oterowo munthu amaona zambiri. Kalipentala ankaitana okalamba kuti akhale pabedi, iye n'kukhala pansi. Wa anapiye ankatunga madzi a ziweto zake n'kudzaziranso mabotolo a anthu onse. Keke ija itayamba kupendekera ndi kutentha, mwini wake anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwera kwa ine.

"Atelala, muli ndi ulusi? Mpeni anandilanda pageti."

Ndinamupatsa ulusi woyera wolimba. Anaukulunga kuzala, n'kudula keke yonse bwinobwino, chidutswa ndi chidutswa. Choyamba anapatsa mlonda amene anamulanda mpeni uja. China anakachisiya pawindo la mlembi. Madzulo tinapeza mbale ili pomwepo, yotsukidwa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzadandaula kuti zithunzi za adzukulu ake sizikutseguka pafoni. Potuluka anaima pamaso pa Adona. Anagwira nsalu, anatembenuza mpendero kuti aone kasokedwe ka mkati.

"Wasoka ili ndani?"

Naphuma sayenda wopanda tepi m'khosi. Mayiyo asanamalize kufunsa, anali atamukweza kale manja n'kumuyeza chifuwa. Mlonda anabwera chothamanga.

"Muno simuchita malonda! Ino ndi nyumba ya boma!"

"Ndani akuchita malonda, achimwene?" kalipentala anafunsa ali pansi pomwepo. "Uwu ndi umboni. Boma ndi limene latiuza kuti tibwere nawo. Mayiwa akungoona umboni."

"Nanga tepiyo?"

"Akuona ngati umboniwo ungawakwane."

Mlonda anakanda m'mutu, anayang'ana kuwindo. Mlembi anali atawerama ngati sakumva. Mlonda anabwerera kugeti kwake.

Mayi uja anauza anzake. Anzakewo anauza ena. Anthu anali atasowa koonera zinthu, poti masamba ambiri anali otsekedwa, ndiye anayamba kubwera ku Nthambi Yoteteza Maso kudzadyetsa maso. Pageti ankangoti, "Tabwera kudzaona umboni," mlonda n'kutsegula. Wa makeke anayamba kubwera ndi umboni watsopano m'mawa uliwonse. Wa anapiye umboni wake unkatha usanakwane masana. Ngakhale azimayi a m'maofesi a pamwamba ankatsika nthawi ya nkhomaliro, makadi a ntchito atawabisa m'thumba, kudzayesa mawigi.

Injiniya naye anapeza chochita. Ankaima pafupi ndi geti, munthu akangolowa n'kumufunsa chimene akufuna.

"Nsapato za mwana? Mzati wachitatu, mayi wa duku lofiira. Ali nazo zakuda zokha. Zoyera zili kwa bambo uyo, koma muyang'ane bwino zidendene."

Tsiku lina ndinamupatsa madzi. Anamwa, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya tayi.

"Mayi," anatero, "ndinakhala pasukulu zaka zambirimbiri kuti ndipange chinthu chimene lero ndikuchita ndi miyendo. Akazi anga akuti bola miyendoyo, siifuna netiweki."

Anaseka, koma maso ake sanaseke nawo.

Ife tinagawana ntchito. Naphuma ankakhala pamzere ndi tepi, ine ndinkabwerera kushopu kukasoka. M'mawa uliwonse Adona ankapita ku boma atavala diresi latsopano. Makina anayambanso kulira, wowotcherera zitsulo n'kumandikwezera dzanja ndikamadutsa. Sizinali ngati kale. Akwatibwi a m'mizinda yakutali, amene ankatitumizira miyezo pafoni, sitinawamvenso, ndipo sindidziwa amene anawasokera. Komabe ntchito inalipo, ndipo Naphuma anasiya kutchula za ulendo. Liwu loti umboni ine sindinalitchulepo ndi pakamwa panga. Munthu akandifunsa ndinkangoloza Naphuma.

Kenako kalipentala anaitanidwa. Amuna anamuthandiza kulowetsa bedi chopendeketsa pachitseko cha abwana. Atatuluka anakweza manja m'mwamba.

"Anditsegulira!"

Khonde lonse linaomba m'manja, wa makeke analulutira. Bedi linakwezedwa pangolo n'kutuluka pageti ngati mkwatibwi. Ine ndinathokoza Mulungu chamumtima, n'kumukumbutsa kuti ifenso tilipo.

Patapita masiku angapo, ndikubweretsa diresi masana, ndinaona munthu ataima kunja kwa mpanda, zala atazikola muwaya. Anali kalipentala. Ndevu zinali zosapesa.

"Bwanji simukulowa, bambo?"

"Wotseguliridwa salowanso. Akuti ndilibe dandaulo."

Naphuma ndi wa makeke anabwera kumpanda, Injiniya naye.

"Si tsamba latseguka?" Naphuma anafunsa.

"Latseguka, chemwali. Koma patsambapo pali ndani? Ukaika chithunzi lero, chimatuluka sabata yamawa, theka litaphimbidwa. Anthu akuopa ndi kudina komwe, akuti makina amalemba aliyense amene wayang'ana. Onse ali mumpanda umu. Ine ndili ngati munthu amene watsegula golosale pakati pa manda." Anachotsa zala muwaya muja. "Dzana ndinajambula bedi lina. Ndinaikapo mapilo awiri ogundana, nsalu yofiira, ndi duwa pakati, kuti anditsekerenso."

"Ndiye?"

"Aloleza. Akuti ndi sofa."

Palibe anaseka. Wa makeke anapita kukatenga chidutswa cha umboni wake n'kumupatsira pamwamba pa waya.

Kuyambira tsiku limenelo mzere unasintha. Chitseko cha abwana chikatseguka, wa kutsogolo ankatembenuka.

"Pitani ndinu, achimwene."

"Ayi, ine ndilowe inu muli pano? Inu ndinu aakulu."

"Ukulu wanji? Ndi imvi chabe izi, n'zakumtundu. Lowani."

"Alowe mayiwa, ali ndi mwana kumbuyo."

"Mwanayu wagona, musamudzutse. Ine ndilibe changu."

Chibadwire sindinaonepo ulemu wotere, ngakhale kutchalitchi. Anthu ankagwadirana, kupepesana, kukankhirana kutsogolo ndi manja awiri. Abwana atamva kuti mzere wasiyiratu kuyenda, anaitanitsa msonkhano wina, ndipo msonkhanowo unagamula kuti mlembi aziitana yekha anthu malinga ndi mmene anabwerera. Wa mbaula anaitanidwa, anatseguliridwa, anatuluka akulira. Wa maluwa chimodzimodzi. Ife tinali pafupi.

Sabata yomweyo mnzake wa Naphuma anaimba foni. Anati malo aja sangawasungenso, ayankhe mwezi usanathe. Tinali mushopu madzulo, ine ndikudula, iye akusita.

"Akatitsegulira, tatha," anatero. "Tibwerera m'phanga muno kumayang'anana ndi matayala. Pamenepo ndiye ndipita ndithu, achemwali, musadzandiletse."

Ndinapitiriza kudula.

"Tikalowa, muwauze kuti Adona ndi munthu."

"Sindingatero."

"Mungoti ndi m'bale wathu, anachita ngozi. Makina akuti ndi munthu, inu mukutsutsana ndi makina a kunja?"

"Sindinganame, Naphuma."

Anaika simbi pansi mwamphamvu.

"Inu ndi mapemphero anu! Munapempha kuti atsegule, si choncho? Ndikukudziwani. Onani tsopano, amva. Bwererani mukawauze kuti mwasintha maganizo."

Ndinayesadi. Ndinagwada pambali pa makina iye atapita, koma mawu sanabwere. Munthu ungapemphe bwanji kuti chitseko chako chikhalebe chotseka? Pomaliza ndinangoti, Ambuye, mukudziwa chimene ndimafuna ponena zija, ndipo ndinadzuka n'kumaliza diresi lobiriwira loti Adona avale mawa.

Mawa lakelo dzuwa lisanafike pamutu mlembi anatulutsa mutu pawindo.

"Atelala!"

Naphuma anayang'ana kumanja ndi kumanzere, koma panalibe woti n'kumugwadira. Tinanyamula Adona n'kulowa.

Ofesi ya abwana inali yozizira ngati m'firiji. Pansi panali kapeti, patebulo panali kompyuta yaikulu yofunditsidwa nsalu yoluka kuti isalowe fumbi. Abwanawo anali munthu wansangala, wa mimba yotsogola. Anadzuka, anazungulira Adona, anagogoda paphewa ndi cholembera, n'kuwerama pang'ono pamene pakanakhala khutu.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

Anadikira. Kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chinachake.

"Ndi azakhali athu, bwana," Naphuma analankhula mofulumira. "Ndi amanyazi."

Abwana anamuyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu mukuoneka munthu wopemphera. Tandiuzani. Uyu ndi munthu?"

Ndinamva chigongono cha Naphuma m'nthiti mwanga. Ndinayang'ana kapeti. Ndinaganiza za mwana uja, ndi za bwalo la ndege limene sindinafikeko.

"Ayi, bwana. Ndi chidole."

"Munachidula mutu ndinu?"

"Ayi, bwana. Chinabwera choncho."

Nkhope ya abwana inawala. Anaomba m'manja kamodzi.

"Mwaona? Anthu amati boma silimva. Boma limamva! Makina anakayikira, ine ndafufuza, choona chadziwika. Pitani pawindo akakutsegulireni lero lomwe. Ndipo mukauze anzanu kuti kuno timathandiza."

Tinatuluka. Kuchokera pachitseko cha abwana kufika pawindo si patali, koma tsiku limenelo panatalika. Naphuma anali kutsogolo atagwira mapewa a Adona, osatembenuka. Anthu a pamzere anaona nkhope zathu n'kudziwa. Wa anapiye anavula chipewa.

Tinaimika Adona pawindo.

"Abwana ati mutitsegulire," ndinatero, poti ndi zimene ananena.

Mlembi sanadzutse mutu. Anayang'ana manja athu monga mwa chizolowezi chake. Manja a Naphuma anali atakulunga tepi kuzala mpaka nsonga zake zitayera. Mlembi anawayang'ana kanthawi. Kenako anadina kompyuta yake pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, mpaka chithunzi chathu chija chinatuluka. Anatembenuza galasi la kompyuta kuti tione.

"Diresi ili ndi labuluu," anatero.

"Eya."

"La lesi m'khosi."

"Eya, bambo."

Anasuzumira pawindo, anayang'ana Adona kuyambira m'mapewa mpaka kumwendo.

"Awa avala lobiriwira."

"Koma abwana aona kale," ndinatero. Naphuma anandiponda phazi.

"Abwana aona chidole. Ine ndikuona diresi. Lamulo likuti chinthu chimene chili pachithunzi, osati theka lake. Labuluulo lili kuti?"

"Mwini wake analitenga kalekale," Naphuma anayankha. "Anavala paukwati wa mwana wake. Mwina pano ndi lothimbirira."

"Ndiye musoke lina lofanana ndendende. Nsalu yomweyo, lesi yemweyo. Popanda zimenezo sindingatsegule." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, mosamala kuti ulusi uja usaduke. "Pepani kwambiri. Muyambirenso kumapeto kwa mzere."

"Kumapeto?" Naphuma anafunsa.

"Kumapeto kwenikweni. Pafupi ndi geti, pamene pamadutsa aliyense wolowa. Ndi paphokoso, pepani. Ndipo musachite phuma posoka. Chinthu cha boma chimafuna kudekha."

Anavala magalasi n'kutseka windo.

Tinanyamula Adona kudutsa khonde lonse. Anthu ankatipatsa njira.

"Zatha bwanji?" wa makeke anafunsa.

"Atikaniza," Naphuma anatero, misozi ili mbwembwembwe.

"Ayi, pepani! Pepani, anzathu!" Anamukumbatira, n'kumunong'oneza mokweza moti tonse tinamva: "Mwachita bwanji? Tiuzeni nafe."

Injiniya anasuntha njinga ya munthu wina kuti Adona apeze malo pamthunzi. Tisanamalize n'kuwaimika komwe, mtsikana wina ndi mayi ake anali ataima kale, akugwiragwira mpendero wa diresi lobiriwira. Naphuma anamasula tepi kuzala, anapukuta maso ndi mkono. Asanayambe kuyeza anatulutsa foni, anapita pakona, n'kulankhula mwachidule. Ndinangomva mawu otsiriza.

"Apatseni ena, asisi. Ine ndili ndi mlandu ku boma, sindingachoke."

Mwezi unatha, wina n'kuyamba. Tikadali pamzere. M'mawa uliwonse mlembi akamadutsa pageti ndi kachikwama kake ka nkhomaliro, amaima pang'ono, maso ali pansi.

"Atelala, diresi lija?"

"Nsalu ikusowa, bambo," Naphuma amayankha.

"Pepani."

"Zikomo, bambo."

Sitolo ya nsalu ili m'njira yanga yopita kushopu, ndipo eni ake amakonda kuyala zabuluu pazenera. Masiku ano ndimadzera njira ina, yodutsa kuseri kwa chipatala. Ndi yaitali ndipo mvula ikagwa imachita matope, koma tsiku lina Naphuma adzakhala atachokapo, mlembi n'kufunsa ine. Ndikufuna ndidzamuyankhe zoona, kuti sindinaione.